Kaphwanyidwe ka Nambala ya Maziro 14

M'Baibulo langa, pa Masalimo, ndimasungamo ndalama imodzi yapepala ya madola 100 thiriliyoni ya mu Januwale 2009, ija ya Reserve Bank of Zimbabwe yojambulidwa miyala yosanjikizana ya Chiremba ku Epworth. Mdzukulu wanga wa Fomu 2, amene ndimakhala naye kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, ataiona anafunsa kuti, "Agogo, nambala yotereyi munthu amayambira pati?" Tinakhala pakhonde ndi pensulo ndi kope lakale, ndipo njira imene tinatsata ndi iyi.

Choyamba lembani nambalayo nokha, ndipo dulani manambala atatuatatu kuyambira kumanja: 100,000,000,000,000. Maziro alipo 14, ndiye kuti ndi 100 thiriliyoni. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi osapuma, zingakutengereni zaka zoposa 3 miliyoni.

Kenako yang'anani kumchira. Imathera ndi 0, choncho 2, 5 ndi 10 amaigawa popanda chotsala. Kuti mudziwe za 3 ndi 9, wonkhetsani manambala ake onse, muone ngati yankholo likugawika ndi 3 kapena 9. Apa 1 ndi maziro akewo akupereka 1, basi 3 ndi 9 alephera.

Pamene ine ndimapakonda ndi apa. Ziro aliyense akuimira 10, ndipo 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5. Mwanayo ndinamupatsa nyemba 14 ndi njere za chimanga 14: nyemba iliyonse ndi 2, njere iliyonse ndi 5. Chinambala chonsechi chamangidwa ndi manambala a prime (manambala amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi) awiri okhawo, palibenso china m'kati mwake. Nambala iliyonse imene ingachigawe imapangidwa potapa pa milu iwiriyi. Nyemba mukhoza kutapa kuyambira 0 mpaka 14, zomwe ndi njira 15, chimanganso njira 15. Chulukitsani 15 ndi 15, mupeza kuti manambala oigawa alipo 225. Musaiwale njira ya kusatapa kanthu ija. Mdzukulu wanga anaisiya, napeza 196.

Onani bwino 225 ameneyu: sagawika ndi 2. Manambala ogawa amayenda awiriawiri, monga 2 ndi 50 pa 100, ndiye mmodzi akasowa mnzake ndiye kuti wadzichulukitsa yekha. Izi zimachitika pa nambala ya sikweya yokha. Gawani milu ija pakati, nyemba 7 ndi njere 7, mupeza 10,000,000. Imeneyi mukaichulukitsa ndi iyo yomwe, ndalama yanga ija yabwerera. Mukawonkhetsanso manambala 224 oigawa, kusiya mwini wakeyo, amafika pafupifupi 150 thiriliyoni, kuposa nambalayo. Yotere m'mabuku a masamu amaitcha abundant.

Chenjezo langa ndi lakuti musaweruze nambala ndi maso. Mwanayo anaphatikiza 1, nalemba 100,000,000,000,001, nalumpha kuti wapeza prime. Zoonadi 2, 3, 5, 7 ndi 11 onse amakana. Ndinamuuza kuti apitirize mofatsa kuyesa ma prime otsatira, ndipo pofuna kumufupikitsira ulendo ndinamupatsa 101. Anagawa pakope mpaka amayi ake kuitana nsima kachiwiri. Yankho linatuluka 990,099,009,901, popanda chotsala.