Mmene mungakhazikitsire gulu lothandizana m'dera lanu pa nthawi ya mliri

Boma likaletsa misonkhano ndi maulendo pofuna kuchepetsa mliri, mavuto amayamba kulowa m'makomo momwe matendawo sanafikemo n'komwe. Gogo amene amadalira mdzukulu kukamutengera mankhwala amatsala ndi botolo lopanda kanthu. Banja lomwe limadya zimene lapeza tsiku lomwelo limagona ndi njala. Munthu wokhala yekha akadwala, palibe womumva. Zimenezi zinaoneka m'maiko ambiri bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse. Anthu amtima wabwino sasowa pa nthawi ngati imeneyi. Chimene chimasowa ndi dongosolo, ndipo popanda dongosolo thandizo limathera kwa amene ali ndi foni ndi pakamwa, ovutikitsitsa n'kutsala phee m'nyumba zawo.

Yambani ndi kugawa dera. Munthu mmodzi wodzipereka ayang'anire makomo 10 mpaka 15, ndipo akhale ndi womutsatira wake wodziwika ndi dzina. Akapitirira makomo 20 sangathe kulankhula ndi aliyense tsiku ndi tsiku, ndiye amayamba kusankha amene amazolowerana nawo. Womutsatirayo ndi wofunika kwambiri chifukwa wodzipereka naye amadwala, ndipo tsiku limene wagona makomo ake asakhale amasiye. Amene apitirira zaka 60, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena a m'mapapo musawatume kunja. Apatseni ntchito ya pa foni: kuimbira anthu, kulemba zopempha, kusunga mabuku. Ntchito imeneyi ndi yaikulu ndithu, ndipo achikulire amaigwira bwino kuposa achinyamata chifukwa anthu amawamasukira.

Kenako lembani kaundula. Pa khomo lililonse mulembe chiwerengero cha anthu, nambala ya foni, ngati muli wokalamba, waulumali, woyembekezera kapena mwana wakhanda, ngati alipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndi wachibale woti adziwitsidwe zikavuta. Dzina la matenda musalembe. Kungolemba kuti “amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi” n'kokwanira. Pemphani chilolezo musanalembe, ndipo kaundulayo asungidwe ndi anthu awiri okha. Apa m'pamene magulu ambiri amagwera: wina amaponya pa gulu la WhatsApp kuti kwa akutiakuti kwapezeka wodwala, tsiku lotsatira ana a pakhomopo ayamba kusalidwa, ndipo kuchokera pamenepo aliyense wotsokomola amabisala. Wodwala wobisala ndiye amafalitsa matenda kwambiri.

Makomo opanda foni mupanganane nawo chizindikiro. Kansalu koyera pazenera kakutanthauza kuti zonse zili bwino, kofiira kakutanthauza kuti gogodani. Wodzipereka adutse pa ola lomwelomwelo m'mawa uliwonse. Pazenera pakapanda kansalu kalikonse, agogode basi, chifukwa wofooka kwambiri alibe mphamvu yodzuka kukapachika chofiira.

Kupereka katundu osapereka matenda

Wothandiza amayenda makomo ambiri, choncho akalakwitsa ndiye amakhala mlatho wa kachilombo. Lamulo likhale limodzi: m'nyumba salowa. Aike katundu pakhomo, agogode, abwerere mmbuyo masitepe atatu, alankhule ali panja atavala chophimba pakamwa ndi pamphuno. WHO inkalangiza kutalikirana mita imodzi kapena kuposerapo. Mamita awiri ndi abwino koposa, makamaka ngati mwini nyumba akutsokomola. Kachilombo ka COVID-19 kamafala kwambiri mumpweya wa m'chipinda chotsekeka, n'chifukwa chake kucheza kwa mphindi khumi pabwalo n'kotetezeka kusiyana ndi mphindi khumi zomwezo pampando wa m'nyumba. Adzakuumirizani kuti lowani mupumeko, ndipo kukana kumawawa. Kanani mwaulemu, muwauze chifukwa chake.

Magolovesi amanyenga. Munthu amavala peya imodzi m'mawa n'kugwira nayo zitseko khumi, foni, ndalama ndi nkhope yake yomwe. Kuli bwino manja opanda kanthu osambitsidwa akachoka pa khomo lililonse: ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 40 mpaka 60, kapena ndi sanitaiza wokhala ndi mowa wosachepera 60 peresenti kwa masekondi 20 mpaka 30. Wodzipereka akamva kutentha thupi, chifuwa kapena zilonda zapakhosi, asiye ntchito tsiku lomwelo ngakhale akumva mphamvu. Pa COVID-19 munthu amatha kupatsira ena masiku awiri zizindikiro zisanaoneke, choncho auzenso gulu makomo amene anafikako masiku awiri apitawo.

Za ndalama zogulira katundu, mwini wake atumize pa foni kapena aike mu envulopu pamodzi ndi mndandanda wa zofunika. Wogula abweze lisiti ndi chenji mu envulopu yomweyo. Wodzipereka asalandire khadi la kubanki kapena nambala yachinsinsi ya munthu wina, ngakhale mwini wake atachita kumukakamiza.

Mankhwala a nthawi yaitali ndiwo amaiwalika, chifukwa maso onse amakhala pa mliri. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu akadukiza, ngozi yake imatha kuposa ya mliriwo. Funsani aliyense tsiku limene mankhwala ake athere, ndipo muyambe kukonza zokatenga ena kutatsala masabata awiri. Funsani kuchipatala ngati akulola kupereka a miyezi itatu nthawi imodzi, komanso chimene wotumidwa ayenera kunyamula. Mwini mankhwala asankhe yekha womutengera, ndipo phukusi lifike lili lomata.

Pakhomo pakapezeka wodwala

Banja lisankhe womusamalira mmodzi, amene alibe matenda ena. Wodwala agone payekha, mazenera ali otsegula. Ngati chipinda ndi chimodzi, pogona pake patalikirane ndi ena mita imodzi kapena kuposa, pafupi ndi zenera, ndipo onse avale zophimba pakamwa. Kapu, mbale ndi chopukutira zikhale zakezake. Mu 2020 WHO inkati wodwala COVID-19 adzipatule masiku 10 kuchokera pamene zizindikiro zinayamba, kuwonjezerapo masiku atatu opanda zizindikiro, ndipo amene anakhudzana naye abindikire masiku 14. Masikuwa amasintha malinga ndi matenda ndi dziko, choncho tsatirani zimene unduna wa zaumoyo walengeza. Kwa gulu lanu tanthauzo lake n'lakuti banjalo lifunika chakudya, madzi, sopo ndi zophikira za masabata awiri. Mukawasiya patangotha masiku asanu, wina adzatuluka kukasaka chakudya, ndipo simungamudzudzule.

Popukuta zogwirira zitseko, matebulo ndi chimbudzi, madzi a klorini akhale a mphamvu ya 0.1 peresenti. Onani pabotolo la bulichi. Ngati palembedwa 5 peresenti, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 49 a madzi, kutanthauza mamililita 20 a bulichi ndi mamililita 980 a madzi. Ngati ndi 3.5 peresenti, gawo limodzi ku magawo 34. Yambani mwatsuka malowo ndi sopo, chifukwa litsiro limapha mphamvu ya klorini, kenako pakani n'kusiya panyowe mphindi imodzi yathunthu. Sungunulani atsopano tsiku lililonse ndipo musawaike padzuwa. Musasakanize bulichi ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wa poizoni. Musawazenso munthu pathupi, ndipo asamwedwe.

Ngati gulu lingakwanitse kugula chipangizo chimodzi chokha, gulani kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi. COVID-19 imatha kutsitsa okosijeni munthu akulankhula bwinobwino, osazindikira kuti zinthu zaipa. Wodwala apume mphindi zisanu, chala chikhale chofunda ndi chopanda utoto wa m'zikhadabo, ndipo adikire nambala ikhazikike. Ikatsika pansi pa 94, imbirani azaumoyo. Ikafika 90 kapena kutsikirapo, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti pa khungu lakuda kachipangizoka kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Choncho munthu akamabanika, akamamva kupweteka pachifuwa, akasokonezeka mutu kapena akamalephera kudzuka, musadikire nambala. Galimoto, dalaivala ndi ndalama ya mafuta zikonzedweretu masana, chifukwa wodwala amatha kufooka usiku pamene aliyense wazimitsa foni. Ngati kuli lamulo loletsa kuyenda usiku, funsiranitu chikalata chimene dalaivala ayenera kusonyeza.

Thumba la ndalama limaphwasula magulu kuposa matenda. Musanalandire chopereka choyamba, gwirizanani n'kulemba kuti oyamba kuthandizidwa ndi ati. Ndalama ituluke pokhapokha anthu awiri avomereza, ndipo sabata iliyonse msungichuma alengeze zolowa ndi zotuluka popanda kutchula maina a olandira. Kujambula anthu akulandira thandizo kulekeni. Ena angalolere kugona ndi njala kusiyana n'kuti nkhope yawo iyende pa intaneti.

Pa nkhani ya mphekesera, sankhani munthu mmodzi woti azifunsa kwa azaumoyo ndi kubweretsa yankho, ndipo uthenga wosadziwika kochokera usatumizidwe pagulu iye asanauone. Wofalitsa bodza musamuchititse manyazi pagulu, muimbireni payekha. Mliri wa Ebola wa 2014 mpaka 2016 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, umene unapha anthu oposa 11,000, unasonyeza kuti malamulo amagwira ntchito pamene eni dera awamvetsa ndi kutengapo mbali, makamaka pa kaikidwe ka maliro. Anamfedwa amene aletsedwa kusonkhana amafunika mafoni ambiri m'masabata otsatira, pamene anthu ena ayamba kuiwala.

Kubindikira kumatsekeranso anthu ena m'nyumba limodzi ndi owazunza. Mukaimba foni mawu akumveka omangika, funsani mafunso oyankhika ndi inde kapena ayi: “Muli nokha? Ndiimbenso nthawi ina?” Musapite kukaweruza nokha. Khalani ndi manambala a apolisi ndi a ofesi yoteteza amayi ndi ana, ndipo mwana akakhala pangozi dziwitsani oyenera tsiku lomwelo.

Odzipereka amayamba ndi moto, koma pofika sabata yachitatu kapena yachinayi ena amangosiya kuyankha foni. Konzani kuti aliyense azipuma masiku awiri pa sabata womutsatira atagwirizira, ndipo wofuna kusiya anene poyera n'kupereka mndandanda wa makomo ake kwa mlembi tsiku lomwelo.