Musakumbe ngalande pomera mlulu

Chilimwe chino madimba ambiri a ku Chongwe ndi m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere aphwa madzi Ogasiti asanathe, ndipo si dzuwa lokha lachititsa. Chiyambire chilala cha 2024 anthu adatsikira kudambo, n'kumakumba ngalande zakuya paliponse pamene phazi latitimira, poganiza kuti dambo lonse ndi nthaka imodzi.

Kumtunda, kumene mitengo yathera, kuli mchenga wotuwa womera tsekera. Pakati penipeni pali makande amene amasefukira m'dzinja n'kung'aluka mu Okutobala. Pamene mukuwononga ndi pakati pa malo awiriwa, pomera mlulu ndi anzake a tsinde la ngodya zitatu, pa dothi lakuda lonjenjemera ukaponda. Madzi ake amayenda pansi pa nthaka kuchokera kumtunda n'kumatulukira pamenepo pang'onopang'ono, mvula itatha kalekale. Dothilo ndi mizu ndi masamba osaola bwino, chifukwa madzi amatsekereza mpweya. Mukadula ngalande madzi amathawa, mpweya umalowa, dothi limauma n'kutsika, ndipo moto wa lupsa ukafika limanyeka mpaka pansi. Dothi lotere silibwerera inu muli moyo. Mvula ikagwa, ngalande ija imasanduka chigwembe.

Izi tazinena pamisonkhano mpaka mawu kusasa. Bambo wina wa ku Chongwe adandiyankha kuti, "Alangizi, atate anga ankalima pompano, inu musanabadwe." N'zoona, koma atate awowo ankaunda milu, madzi osawatsitsa. Bambo uja atakumba ngalande, repu ndi tomato adakolola bwino chaka choyamba. Chaka chino akutunga madzi ndi ngolo, ndipo a kumunsi kwawo, amene zitsime zawo zaphwa, sakuwapatsanso moni.

Musanalime, kumbani kadzenje kofika m'bondo. Dothi lotuwa la madontho a dzimbiri likusonyeza kuti madzi amakwera n'kutsika, ndiye undani mabedi okwera mubzale ndiwo. Likakhala lotuwa mobiriwira, lonunkha mazira oola, madzi sachoka pamenepo, pasiyeni. Pomera bango ndi njedza, zimene mumaziona ku Kafue Flats ndi ku Lukanga, pasiyeninso. Makande a pakati asungireni ng'ombe kapena mpunga. Chitsime chikhale chosaya, ndipo udzu wa pomera mlulu musautenthe.