Momwe mudzi wa asodzi ungatsekere dera la m'nyanja kwa kanthawi, monga anachitira ku Andavadoaka

Kummwera chakumadzulo kwa chilumba cha Madagascar kuli mudzi wa Andavadoaka. Eni ake ndi a mtundu wa Vezo, ndipo ndalama zawo zambiri zimachokera ku octopus, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo 8 chomwe iwo amati horita. Ma octopus atayamba kuchepa, mu Novembala 2004 mudziwu, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures, unaletsa kugwira octopus pa kachilumba ka mchenga ka Nosy Fasy kwa miyezi pafupifupi 7. Nayi njira yomwe midzi ina yatengera kumeneko.

Choyamba, sankhani chamoyo chokula msanga. Octopus sakhala moyo kupitirira zaka ziwiri, ndipo akasiyidwa miyezi iwiri kapena itatu amanenepa moonekeratu. Munthu wosauka sungamuuze kuti adikire zaka 10. Akuyenera kuona phindu nyengo yomweyo.

Kenako kambiranani pabwalo za malo oti mutseke. Musatseke ponse, anthu adya chiyani? Gawo laling'ono ndi lokwanira. Amayi asakhale kumbuyo pa msonkhanowu, pakuti ndi iwo amene amayenda pamiyala madzi akaphwa, kachitsulo kosongoka kali m'manja, kutulutsa octopus m'mauna. Mukatseka pafupi ndi mudzi pomwe iwo amafika wapansi, abambo a mabwato savutika, koma mayi wasowa kolowera.

Mukagwirizana, ikani lamulo. Ku Madagascar amagwiritsa ntchito dina, pangano la makolo lomwe mudzi umapanga wokha ndipo khoti limatha kulivomereza. Chindapusa chidziwike poyera, alonda asankhidwe, ndipo mwana wa mfumu akagwidwa alipire ngati wina aliyense.

Povuta penipeni ndi tsiku lotsegulira, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe midzi iyenera kutayapo nthawi. Nosy Fasy itatsegulidwa mu 2005, mbiri inali itamveka kale. Asodzi a midzi ina anakhamukira kumeneko, ndipo amene anapirira miyezi yonse ija anagawana zokolola ndi alendo osalondera n'komwe. Zimenezi zimapweteka mtima, zikhoza kupha pangano. Mankhwala ake anali oti midzi yoyandikana itseke madera awo nthawi imodzi ndi kutsegula tsiku limodzi, aliyense akolole kwawo. Uzaninso ogula tsikulo lisanafike kuti abwere ndi galimoto ndi ayisi wokwanira, apo ayi katundu achuluka, mtengo ugwa, wina awola.

Pa tsikulo ndi masiku otsatira, pakhale achinyamata a sikelo ndi kope, azilemba makilo a munthu aliyense. Okayika amakhutira akamva manambala akuwerengedwa pabwalo.

Mukachita kangapo anthu n'kukhulupirira, mpomwe mungakambe zazikulu. Mu 2006 midzi yoposa 20 inapanga bungwe la Velondriake, kutanthauza kukhala ndi nyanja, ndipo pambuyo pake inapatula malo osawedzamo mpaka kalekale, n'kuyamba ulimi wa ndere za m'nyanja. Kwathu kuno a ku Salima sangadabwe nazo: chilumba cha Mbenje chimatsekedwa nyengo ya dzinja pansi pa ulamuliro wa mfumu Makanjira, asodzi onse n'kuchokapo kuti nsomba ziswane.