Momwe ndimakonzera madzi a nimu othana ndi mbozi ndi nsabwe m'dimba

Kuno ku Salima nimu ali paliponse: m'mbali mwa msewu, pasukulu, kuseri kwa nyumba. Ambiri timangomudziwa ngati mthunzi wa mu Okutobala, pomwe mpiru ndi repu zikutha ndi nsabwe, chimanga cha mthirira chikubooledwa ndi ntchemberezandonda. Ine ndimalima dimba kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, ndipo ndisanapite kukagula mankhwala a m'botolo ndimayamba ndi mtengo umenewu. Koma nimu amagwira ntchito kwa munthu amene akudziwa zimene zili m'tsambalo, pakuti zimenezo ndi zimene zimalamula kakonzedwe kake.

Kuwawa kuja kumachokera ku gulu la mankhwala otchedwa limonoids. Mwa amenewa, m'masamba muli nimbin, nimbolide ndi azadirachtin pang'ono. Nimbin anamupeza katswiri wina, Salimuzzaman Siddiqui, mu 1942. Mu 1959 Heinrich Schmutterer wa ku Germany anaona dzombe ku Sudan litadya zobiriwira zonse koma nimu osamukhudza, ndipo mu 1968 Butterworth ndi Morgan ku England anapatula azadirachtin kuchokera mu njere zake. Azadirachtin ameneyu ndiye mwini nkhondo. Sapha nthawi yomweyo. Amachititsa mbozi kusiya kudya, komanso amasokoneza timadzi ta m'thupi mwake timene timaithandiza kufundula khungu, choncho imalephera kukula n'kufa patapita masiku. Mukapopera lero mawa n'kupeza mbozi ikuyenda, musataye mtima. Yang'anani ngati pali mabowo atsopano ndi ndowe zatsopano pachimangapo.

Choyamba tsimikizani kuti mtengo wanu ndi nimu weniweni. Pali wina wofanana naye umene ambiri amautcha indiya: maluwa ake ndi ofiirira motuwa, tsamba lake lili ndi tinthambi tinanso m'kati, ndipo zipatso zake ndi poizoni kwa ana ndi nkhumba. Nimu maluwa ake ndi oyera, timasamba tandandalika mbali ziwiri za phesi limodzi, m'mphepete muli ngati mano a sowo.

Thyolani masamba aawisi okhwima okwana kilogalamu imodzi. Sinjani mu mtondo mpaka aphwanyike bwino, mtondo wake usakhale wokonolera chimanga chifukwa kuwawako sikuchoka msanga. Viikani m'madzi ozizira okwana malita 5 mu ndowa ya pulasitiki, vindikirani, ikani m'nyumba usiku wonse. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera zinthu, chifukwa tinazolowera kuti mankhwala achikuda amawiritsidwa. Azadirachtin amawonongeka ndi moto, ndiye mukawiritsa mutsala ndi madzi owawa koma ofooka. Amawonongekanso ndi dzuwa, n'chifukwa chake ndowa isakhale pabwalo. Phulusa kapena laimu musathiremo, nazonso zimamuphwanya. Ngati mukufuna kusunga masamba a mtsogolo, yanikani pamphasa mumthunzi, osati padenga la malata.

Mawa lake sefani ndi chitenje chakale kawiri, kuti zinyalala zisatseke kamwa la sipuleya. Sungunulani kachidutswa kakang'ono ka sopo wochapira m'kapu ya madzi n'kuthiramo. Sopoyo ntchito yake ndi yoti madzi amatirire patsamba, makamaka la repu ndi kabichi limene madzi amangoterereka. Pang'ono pokha, wambiri amawaula masamba.

Poperani madzulo dzuwa litapepa, njuchi zitabwerera kumng'oma. M'miyezi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, dikirani mphepo ikhale bata. Nsabwe zimakhala kunsi kwa tsamba, choncho tembenuzani kamwa la sipuleya liyang'ane m'mwamba. Pachimanga thirani mumtima momwe mukutulukira tsamba latsopano, poti ntchemberezandonda imabisala mmenemo masana. Wopanda sipuleya aboole chitsekero cha botolo ndi msomali, zimatheka. Bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, kapena msanga ngati kwagwa mvula, ndipo nthawi iliyonse konzani madzi atsopano. Otsala dzulo ndi dzana mphamvu imakhala itachepa.

Nimu amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono. Ikafika kukula ngati chala, itoleni ndi manja. Ndiye muziyendera munda kawiri pa sabata, muyambe kupopera mukangoona timawanga toyera tokokotedwa pamasamba.

Nthawi imene zipatso zikugwa, tolani njere, chifukwa azadirachtin ndi wochuluka kwambiri mu njere kuposa m'masamba. Tsukani, yanikani mumthunzi, swani chikhokho, sinjani zam'katizo. Theka la kilogalamu limakwana malita 10 a madzi, kaviikidwe n'komweko. Njere zochita nkhungu tayani. Ine ndikakhala ndi njere masamba ndimawasiya, koma masamba ubwino wake ndi woti alipo chaka chonse.

Ife a kunyanja tisamale chinthu chimodzi: madzi a nimu ochuluka amavulaza nsomba, choncho ndowa ndi sipuleya musatsukire mumtsinje, m'dziwe la nsomba kapena m'nyanja. Ndiwo zopoperedwa dikirani masiku angapo, ndipo muzitsuke bwino musanaphike, apo ayi ana azikana ndi kuwawa.

Za kumwa ndinenepo mosabisa. Ndikudziwa kuti ambiri amamwa madzi a nimu thupi likatentha, ndipo n'zoona kuti mu mtengowu muli gedunin amene m'ma labotale waonetsa mphamvu pa tizilombo ta malungo. Koma m'kapu ya kunyumba palibe amene angadziwe mlingo wake, ndipo kuno malungo amapha mwana m'masiku ochepa. Kayezetseni magazi kuchipatala, mulandire LA. Mayi woyembekezera asamwe nimu, khanda lisapatsidwe, ndipo mafuta a njere zake asalowe m'kamwa mwa mwana ngakhale dontho, chifukwa amatha kumukomola.