Buku kapena filimu? Mmene mungalowere mkangano wa Lord of the Rings osachita manyazi

Mkangano uwu sudzatha ayi. Mafilimu atatu a Lord of the Rings omwe anapanga Peter Jackson anatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003 koma mpaka lero mukangotchula dzina loti Faramir, mmodzi wa anthu a m'nkhanimo, pagulu la anthu okonda nkhaniyi phokoso limabuka nthawi yomweyo. Ena amati palibe mafilimu oposa amenewa, ena amati Jackson anaononga ntchito ya J.R.R. Tolkien yemwe analemba bukulo, ndiye pali gulu lina lomwe bukulo silinatsegulepo ngakhale tsamba limodzi koma ndi lomwe limakuwa kwambiri. Ngati mukufuna kulowamo ndi maganizo oti ena akamva aziti uyu akudziwa zomwe akunena, luso lake lagona posiyanitsa zomwe zinangochotsedwa, zomwe zinasunthidwa malo, ndi zomwe zinasintha mtima wa munthu wa m'nkhaniyo. Ndichenjezeretu kuti ngati simunaonere kapena kuwerenga, pansipa ndiulula zambiri.

Musanayambe n'komwe, funsani mnzanuyo kuti anaonera iti. Filimu iliyonse ili pawiri, ija inaonetsedwa ku sinema ndi ina yaitali yomwe imatchedwa extended edition. Yoyamba ku sinema inali mphindi 178, yachiwiri 179, yachitatu 201, pomwe zazitalizo mukaziphatikiza zonse zimapitirira maola 11. Anthu ambiri amakangana mpaka kutukwanana chonsecho sanaonere chinthu chimodzi. Mwachitsanzo wina azidandaula kuti wamatsenga woipa uja Saruman anangosowa osadziwika kuti zinamuthera bwanji, mnzake n'kumati ukunama iwe, anafa ku Isengard atabayidwa ndi Wormtongue n'kugwa pansanja. Onse akunena zoona. Imfa ija inadulidwa mu ya ku sinema, ili mu yaitali mokha, ndipo Christopher Lee yemwe anasewera ngati Saruman zinamuwawa kwambiri atamva kuti amudula.

Kenako werenganiko ndithu. Ndikudziwa kuti bukulo ndi lalikulu, masamba opitirira 1,000, komanso poyambirira limayenda pang'onopang'ono moti ambiri amalisiya a Hobbit, tianthu tatifupi tomwe nkhaniyi imatsata, asanafike ku tauni ya Bree. Ngati simungathe lonse, werengani mitu yomwe mikangano imazungulira: In the House of Tom Bombadil, The Window on the West, ndi The Scouring of the Shire. Kumapeto kwa buku lachitatu kuli zowonjezera, Appendix A ili ndi nkhani ya chikondi cha Aragorn ndi Arwen, Appendix B ili ndi masiku a zochitika zonse, ndipo iyiyi idzakupulumutsani kangapo. Kanthu kena koti mudziwe, Tolkien sankaiona ngati mabuku atatu. Kwa iye inali nkhani imodzi, anaigawa ndi osindikiza a George Allen & Unwin chifukwa cha kukwera kwa ndalama zosindikizira, awiri anatuluka 1954 lomaliza 1955. Ndiye munthu akamati Jackson analakwa kuika imfa ya Boromir kumapeto kwa filimu yoyamba pomwe m'buku ili koyambirira kwa The Two Towers, muuzeni kuti malirewo si opatulika.

Tsopano tengani dandaulo lililonse muliike pa mulu wake. Mulu woyamba ndi wa zochotsedwa, ndipo mfumu ya mulu umenewu ndi Tom Bombadil, mkulu uja wovala nsapato zachikasu, woimbaimba, yemwe amavala mphete yamphamvu ya mdani wamkulu Sauron, ija imasowetsa woivala, koma osasowa, ilibe naye mphamvu. Anthu amamukonda, inenso ndimamukonda, koma dzifunseni kuti mukamuchotsa nkhani ikugwa? Sikugwa. Ralph Bakshi pa katuni yake ya 1978 anamusiya, sewero la pa wailesi la BBC la 1981 linamusiyanso, ena mwa omwe analimba mtima kumuika ndi a pa TV ya ku Soviet Union mu 1991 ndipo zomwe zinatulukazo kaoneni nokha pa YouTube museke. Ngati mukufuna kuoneka wozama pa nkhani ya Bombadil, musamati anali wofunika basi. Nenani kuti kumuchotsa kunachotsanso manda a ku Barrow-downs komwe Merry anapeza mpeni wosulidwa kalekale dala kuti ulimbane ndi Witch-king, mkulu wa mizukwa ya Sauron, ndiye mu filimu zimangooneka ngati kampeni wamba kalasa chimzukwa choopsa chija popanda chifukwa. Pamenepo muli ndi mfundo.

Zaka 17 zomwe zimadutsa pakati pa phwando la Bilbo ndi kunyamuka kwa Frodo, Hobbit wonyamula mpheteyo, zilinso pa mulu womwewu. M'buku Frodo amanyamuka ali ndi zaka 50, Elijah Wood yemwe anasewera ngati Frodo poyamba kujambula anali ndi 18. Sizikundivuta kwenikweni, filimu siingadikire zaka 17.

Mulu wachiwiri ndi wa zosunthidwa kapena zopatsidwa munthu wina. Yemwe amathandiza Frodo pa ulendo wa ku Rivendell m'buku ndi Elf wina dzina lake Glorfindel, mu filimu ntchitoyo anapatsa Arwen, ndipo musadabwe chifukwa Bakshi nayenso anaipatsa Legolas, Glorfindel ndi watsoka basi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, simungabweretse munthu wamphamvu chonchija kwa mphindi zochepa kenako n'kusowa, pomwe mkazi yemwe Aragorn adzakwatire oonera sakumudziwa n'komwe. Kangaude uja Shelob naye anamusamutsa kuchoka m'gawo lachiwiri kupita mu filimu yachitatu ndipo apa ndi pomwe Appendix B imagwira ntchito. M'buku lachiwiri Tolkien amayamba wamaliza nkhani ya Aragorn ndi anzake, kenako n'kubwerera mmbuyo kutsata Frodo ndi Sam, koma filimu imalumpha uku ndi uku nthawi imodzi, ndiye mukatsata masiku mupeza kuti za Shelob zimachitika nkhondo ya ku Minas Tirith ikuyandikira, ya ku Helm's Deep itatha kale. Jackson apa anatsata kalendala ya Tolkien yemweyo.

Mphamvu zanu sungirani mulu wachitatu, pomwe munthu wa m'nkhani anamusintha mtima. Apa ndiye pali nkhondo yeniyeni, ndipo Faramir ali patsogolo.

M'buku Faramir akazindikira kuti Frodo wanyamula chiyani, sagwedezeka. Anali atanena kale kuti chinthu chimenechi ngakhale atachipeza chili m'mbali mwa msewu sangachitole, ndipo amasunga mawu ake, amawapatsa kamba ndi malangizo n'kuwalola azipita. Ndi mng'ono wake wa Boromir, ndipo Boromir ndi yemwe anagwa pa mayeso omwewo, ndiye phunziro lonse lili pa kusiyana kwa abale awiriwa. Mu filimu Faramir amagwira Frodo ndi Sam n'kuwakokera ku Osgiliath kuti akapereke mphete kwa bambo ake Denethor, asilikali ake amamenya Gollum, kenako ndi pomwe amasintha maganizo. Olemba filimuyi, Jackson, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, anafotokoza okha chifukwa chake: atha maola ambiri akuonetsa kuti mpheteyo imakola aliyense, ndiye kubwera munthu n'kungoikana mosavuta kukanaichotsera mphamvu, komanso Shelob atamusamutsa Frodo ndi Sam anatsala opanda chopinga mu filimu yachiwiri. Mfundo imeneyi muidziwe bwino musanaitsutse, muinene nokha mnzanu asanainene. Kenako yankhani. Yankho langa ine ndi loti Tolkien ankafuna dala kuti pakhale munthu wamba, osati Elf, osati wamatsenga, yemwe waganiza kale za chinthucho n'kusankha kuchikana, ndipo mukamuchotsa ameneyu nkhani imayamba kunena kuti anthu onse ndi ofooka, zomwe bukulo silinena. Koma vomerezaninso kuti mu yaitali muli gawo lokumbukira zakale pomwe Denethor akunyoza Faramir pamaso pa Boromir, ndipo ukaonera pamenepo Faramir wa David Wenham umamumvera chisoni, umamvetsa kuti mwanayu akungofuna bambo ake amuone.

Denethor yemweyo ndi dandaulo lina lomveka. M'buku ndi wolamulira wanzeru, wolimba, yemwe anathyoka mtima chifukwa choyang'ana mu mwala woonera patali uja wotchedwa palantír momwe Sauron ankamuonetsa zokhumudwitsa zokhazokha. Mu filimu amangooneka nkhalamba yamisala ikutafuna tomato madzi akuyenderera pachibwano mwana wake akupita kukafa. Pamajambulidwe gawolo ndi lamphamvu zedi, Pippin akuimba, mahatchi akuthamanga, koma munthuyo si yemweyo. Onjezani Frodo kuthamangitsa Sam pa makwerero a Cirith Ungol chifukwa cha bodza la Gollum, zomwe m'buku mulibe, ma Ent, zimphona zonga mitengo, kukana nkhondo mpaka Pippin awapusitse pomwe m'buku amagwirizana okha pa msonkhano wawo, Aragorn wokayikakayika za ufumu, Gimli kusanduka wanthabwala. Mukaziika pamodzi muona kuti Jackson ali ndi chizolowezi chimodzi, amatenga munthu wokhazikika n'kumuyambitsa ali wofooka kuti adzakule mkati mwa filimu. Mukanena choncho mwaposa kale anthu ambiri omwe amangowerenga zolakwa chimodzichimodzi, ndipo mkangano umasanduka woti kodi filimu iliyonse imafunikadi zimenezi kapena ndi mantha chabe a olemba.

Pali chimodzi chomwe chimakana kukhala pa mulu umodzi, The Scouring of the Shire. Poyang'ana koyamba ndi chochotsedwa chabe, koma chimasintha tanthauzo la mathero. M'buku a Hobbit akabwerera kwawo amapeza mitengo yadulidwa, malamulo ali mbwee, achifwamba akulamulira, ndipo bwana wake ndi Saruman yemwe akudzitcha Sharkey. Amamenya nkhondo yawoyawo ku Bywater popanda Gandalf kapena Aragorn, Saruman amafera pakhomo la Bag End. Mu filimu amapeza kwawo kuli bwinobwino palibe akudziwa n'komwe zomwe adutsamo, zoipazo timangoziona pang'ono pagalasi la Galadriel. Kwa ine ichi ndiye chotayika chachikulu kuposa zonse. Komabe filimu yachitatu anthu amaidandaula kale kuti imatha kambirimbiri, ndiye tangoganizani mphete yasungunuka, mfumu yavekedwa chisoti, kenako nkhondo ina iyambikenso. Apa mukhoza kunena kuti zikundipweteka koma ndikumvetsa, palibe angakusekeni.

Samalani ndi anthu omwe akathedwa mfundo amatulutsa dzina la Christopher Tolkien. N'zoona kuti mu 2012 mwana wa mlembiyu anauza nyuzipepala ya Le Monde kuti bukulo analisandutsa filimu yankhondo ya achinyamata, ndipo munthu yemwe anatha moyo wake akusanja zolemba za bambo ake ayenera kumvedwa. Koma ngati mukufuna maganizo a mwini wake, alipo. Mu 1958 Tolkien analemba kalata yaitali yodzudzula dongosolo la filimu lomwe Morton Grady Zimmerman anakonza, ndipo zomwe zinamukwiyitsa kwambiri ndi kusintha khalidwe ndi malankhulidwe a anthu ake, kudula ankakulola. Ananenanso kuti ngati nthawi siikukwana ma Ent ndi nkhondo ya Helm's Deep, ichotsedwe ndi nkhondoyo. Jackson anachita zosemphana, nkhondoyo ndi yomwe inakhala msana wa filimu yachiwiri, anaonjezamonso gulu la ma Elf lomwe m'buku silinabwere. Kalata imeneyi imathandiza mbali zonse ziwiri ndiye igwiritseni ntchito mwachilungamo. Ufulu wopanga filimu Tolkien anagulitsa yekha mu 1969 kwa United Artists, anamwalira 1973.

Ndipo musamaope kuyamikira. Wokonda buku yemwe sangatchule chabwino ngakhale chimodzi anthu amasiya kumumvera. Imfa ya Boromir mmene Sean Bean anaisewerera ambiri amavomereza kuti imakhudza kuposa ya m'buku momwe nkhondoyo sitiiona, timangomupeza atatsamira mtengo mivi ili thupi lonse. Nyimbo za Howard Shore, Gollum wa Andy Serkis, moto uja ukuyaka phiri ndi phiri kuitana Rohan, mapiri a New Zealand, zojambula za Alan Lee ndi John Howe zomwe zinakhala maziko a maonekedwe onse, zonsezi ndi ntchito ya anthu omwe bukulo ankalikonda. Kungoti musamagwiritse ma Oscar ngati chibonga. Eya anapata 17, yachitatu yokha 11 kufanana ndi Ben-Hur ndi Titanic, koma zimenezo zikuyankha funso loti kodi ndi mafilimu abwino, pomwe mnzanuyo akufunsa ngati ali okhulupirika ku buku. Mafunso awiri osiyana, gwirizanani kaye kuti mukukangana liti.

Wina akayamba kulowetsamo mafilimu a The Hobbit a 2012 mpaka 2014 kapena The Rings of Power ya Amazon ya 2022, mubwezeni, imeneyo ndi milandu ina ya tsiku lina. Akafunsa kuti bwanji sanangokwera ziwombankhanga mpaka ku Mordor, yankhani mwachidule kuti ulendowo unadalira chinsinsi ndipo Sauron anali ndi ma Nazgûl, mizukwa yake yokwera zilombo zouluka, musapitirire apo. Koma akafunsa ngati chilombo cha moto chija Balrog chili ndi mapiko, aaa, dzukani mukamwe madzi. Jackson anamupatsa mapiko, Bakshi anamupatsanso, koma m'buku ndime imodzi imati mthunzi wake unatambasuka ngati mapiko, patsogolo pang'ono n'kutchula mapikowo ngati enieni, ndipo anthu akhala akukanganirana ziganizo ziwiri zimenezi kuyambira mafilimu a Jackson asanajambulidwe.