Momwe mungabwezere muvi wa chronograph pa 12 ukayamba kuima pambali

Wotchi ya chronograph, yomwe ili ndi mivi yapadera yoyezera nthawi imene chinthu chatenga, imakhala ndi mabatani awiri m'mbali mwa kiyi yowayindira: la pa 2 koloko loyambitsa ndi kuimitsa, ndi la pa 4 koloko lobweza mivi pa ziro. Vuto lodziwika bwino n'lakuti muvi wautali wapakati, m'malo moima ndendende pa 12, umaima pa sekondi 58 kapena 2.

Yambani mwadziwa mtundu wa wotchi yanu. Mawotchi ambiri a batire safuna kutsegula, mumangokoka kiyi n'kumadina batani mpaka muvi ufike pa 12. Yowayinda ndi ya otomatiki ilibe njira imeneyi, chimodzimodzinso ya batire yokhala ndi makina a Seiko VK63 kapena VK64, poti mivi yake imabwezedwa ndi zitsulo, osati magetsi.

Mkati mwa mawotchi obwezedwa ndi zitsulowa zimayenda chonchi. Gudumu loyendetsa muviwu lili ndi kachitsulo kooneka ngati mtima. Mukadina batani la pa 4, kahamala kamamenya kamtimako n'kukazungulitsa mpaka katakhazikika pamalo ake amodzi. Malo amenewo sasintha. Muvi wokha ndiwo ungasunthe, chifukwa umangokanikizidwa pa kamsomali ka gudumulo, popanda sikulu kapena guluu. Wotchi ikagwa pasimenti, kapena kapaipi ka muvi, komwe kamsomalika kamalowamo, kakakula pang'ono chifukwa cha kumenyeka kwa zaka zambiri, muvi umaterereka.

Musanagwire chitsulo chilichonse, yesani. Yambitsani chronograph, imitsani pa sekondi 15, bwezani, onani pomwe waima. Chitaninso pa 45, ndipo mubwereze kangapo. Ngati nthawi zonse ukuima malo amodzimodzi olakwikawo, makina ali bwino, muvi ukungofunika kuuchotsa n'kuuikanso. Ngati kuchokera pa 15 ukupitirira kumanzere kwa 12, koma kuchokera pa 45 ukupitirira kumanja, kapaipi kakhwepa. Zimatero chifukwa kamtima kamabwerera njira yachidule, ndiye muvi wokhwepa umapitirira mbali yomwe umalowera. Koma ngati ukubwerera mwaulesi kapena kuima mwachisawawa, vuto lili pa kahamala, sipuling'i yake kapena mafuta ouma. Imeneyo ndi ntchito yophwasula makina onse, ipititseni kwa mmisiri wodziwa chronograph, ndipo mufunseni kaye ngati anakonzapo yotere, chifukwa kusintha batire ndi luso lina.

Zofunika ndi izi: chotsegulira chivundikiro cha kumbuyo, masikuludiraiva ang'onoang'ono, tizitsulo tiwiri tonyamulira mivi, chokanikizira mivi cha nsonga yapulasitiki yobowoka, twiza, galasi lokuzira zinthu, kapampu kopemerera fumbi, kapepala kapulasitiki kopyapyala, ndi chogwirira makina choyenerana ndi wotchiyo. Zina mwa izi n'zovuta kuzipeza m'mashopu a ku Limbe kapena m'tauni, anthu amaitanitsa pa intaneti kapena ku Johannesburg. Gwirani ntchitoyi masana pafupi ndi windo lotseka, patebulo lopukuta bwino. M'miyezi ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala, kolopani kaye m'chipindamo, fumbi likhazikike.

Imitsani chronograph, bwezani pa ziro, ndipo sunthani mivi ya nthawi ichoke pa 12. Tsegulani kumbuyo. Kuti kiyi ituluke, makina ngati ETA 7750, omwe ndi mtundu wa makina a chronograph ya otomatiki, ali ndi kabatani koti mudine pang'ono uku mukukoka. Musakadine mozama, mungasokoneze tizitsulo ta kiyi tomwe tili kunsi kwa nkhope ya wotchi, ndiye ntchito yakula. Makina ena ali ndi kasikulu m'malo mwa batani: kamasuleni kamodzi kapena kamodzi ndi theka, osakachotsa. Masulani tizitsulo tomangira makina m'chikombole cha wotchi, tembenuzani wotchi, makina atsikire pa kansalu koyera. Bwezeranimo kiyi.

Yalani kapulasitiki pankhope, kodulidwa kampata kuti kalowe pansi pa mivi. Lowetsani tizitsulo tiwiri pansi pa mutu wa muvi wa chronograph, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, n'kunyamula mofanana. Mukapendeketsa, kamsomali kamapindika kapena kuthyoka. Pa 7750 bowo la muviwu ndi mamilimita 0.25 okha, ndiye onani kuchepa kwa chinthu chomwe mukuchigwiracho.

Apa ndi pomwe mawotchi ambiri amaonongekera. Muvi wa chronograph umalowa mothina kuposa mivi ina, ndipo mphamvu yonse yomwe mukanikize imadutsa mu kamsomali kukafika pa kamwala kofiira ka kumbuyo, komwe kamsomalika kamazunguliramo. Kamwalako kakapanda chochirikiza, kamakankhika kapena kusweka, gudumu n'kuyamba kugwedera. N'chifukwa chake chogwirira cha 7750 chimakhala ndi sikulu pakati yoti muikweze mpaka ingokhudza kamwalako, komanso mabatani m'mbali. Ngati mulibe chogwirira chotere, lekani, musayese mwayi.

Makina ali m'chogwiriracho, dinani batani lake lobweza ndipo musalisiye. Kahamala kakhale kakugwira kamtima nthawi yonse yomwe mukuika muvi. Ndi twiza, khazikani muvi pa kamsomali ukuloza 12, diso lanu lili pamwamba penipeni, chifukwa kuyang'ana cham'mbali kumanamiza. Kanikizani pang'ono kwambiri, ungogwira. Yambitsani, imitsani, bwezani. Ngati wapatuka, unyamuleninso, musaukankhe cham'mbali uli pamsomali, kutero kumakulitsa bowo. Ukaima bwino, dinaninso batani lija n'kukanikiza komaliza, molunjika pansi. Kamuvi kowerenga mphindi ndi kowerenga maola timaika mofananamo. Pa 7750 kowerenga maola kamafuna kwambiri kuti batani likhale lodinidwa.

Kapaipi kokhwepa kamathinitsidwa ndi zida za mmisiri, kapena kugula muvi wina. Onaninso ngati muviwo sukuzungulira pa kapaipi kake komwe, pakuti zikatero kuthinitsa sikuthandiza. Guluu ayi. Amatsetserekera mu kamsomali n'kumata gudumu.

Kenako yang'anani cham'mbali ndi galasi. Muvi usakhudze wa mphindi pozungulira, ndipo nsonga yake isakweze mutu kufuna kukhula galasi la wotchi. Usiyeni uzungulire mphindi ziwiri zathunthu, mubwerezenso mayeso a pa 15 ndi 45 kakhumi makina asanalowe m'chikombole chake.

Pemererani fumbi pankhope ndi mkati mwa galasi, chotsani kiyi, lowetsani makina mosamala kuti mabatani a chikombole asakole tizitsulo ta m'mbali, bwezerani kiyi ndi tizitsulo tomangira makina tija. Labala wa chivundikiro mupakeni girizi wa silikoni pang'ono, ndipo ngati wauma kapena waphwatalala, musintheni. Wotchi yomwe yatsegulidwa musaikhulupirire pamvula kapena pochapa mpaka itayesedwa ndi makina oyezera kulowa kwa madzi.