Momwe gulu la achinyamata lingapezere thandizo ku khonsolo ya Mulanje

Musaganize kuti mukalemba kalata kwa Bwanamkubwa ndiye kuti mwezi wamawa ndalama zigwera mu akaunti. Ndalama za chitukuko ku khonsolo, kaya ndi za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) kapena DDF (thumba la chitukuko cha boma lonse), zimatsata mapulani ochokera kumidzi, ndipo kawirikawiri chimene chimafika kwa inu ndi katundu kapena chomanga, osati makwacha m'manja. Wofuna mpamba wa bizinesi apite ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za mabizinesi, lomwe ambiri amalidziwa kuti NEEF, koma adziwiretu kuti kumeneko ndi ngongole.

Yambani ndi kulembetsa gulu. Mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, mayina a mamembala a zaka 10 mpaka 35, komiti yomwe muli atsikana audindo weniweni, ndi kalata ya a mfumu. Zonsezi mupite nazo ku ofesi ya achinyamata pa boma, ndipo a DYO, omwe ndi mkulu wa ofesiyo, akuuzani njira yolembetsera ku National Youth Council of Malawi. Tsegulani akaunti ya gulu ya osayinira atatu. Nambala ya Airtel Money ya tcheyamani si akaunti ya gulu.

Kenako nkhani yanu ilowe ku VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, zitukuko zimayenera kuchokera kumudzi, kudzera ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa T/A wanu, kaya ndi kwa Mabuka, Njema kapena Chikumbu, kenako ku khonsolo. Pitani nokha kumsonkhano, mulankhule, ndipo mupemphe kope ya maminitsi osonyeza kuti pempho lanu lavomerezedwa. Khansala wa wodi yanu adziwenso. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, choncho mukafika mu Meyi mwapeza mphika ataphula kale. Yambani kuyendayenda mvula isanagwe.

Pempho likhale lachindunji. "Kutukula achinyamata" sikuuza munthu kalikonse. Nenani kuti mukufuna makina osokera angati, aikidwa m'nyumba ya yani, aphunzitsa ndani, kapena nazale ya mitengo yobzala m'mbali mwa mtsinje umene unakokolola minda nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Tsopano makotesheni, mapepala a ogulitsa osonyeza mitengo ya katundu, pamene ife a gulu lathu tinapunthwa. Pamafunika atatu ochokera kwa ogulitsa osiyana, aliyense wokhala ndi chidindo ndi nambala ya msonkho ya MRA. Ife tinatolera athu bwinobwino a makina osokera, koma mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mapepala athu akadali m'njira. Pofika nthawi yogula, wogulitsa anangotiloza pamzere waung'ono pansi pa kotesheni wonena kuti mtengowo unali wa masiku ochepa chabe. Ndiye anatibweretsera makina ena otchipa, opentedwa mwatsopano, koma titatsegula pansi tinapeza dzimbiri ndi ulusi wa mwini wake wakale udakali m'bobini. Tinawakana asanatsitsidwe onse m'galimoto, ndipo ntchito inaima mpaka bajeti itakonzedwanso.

Ndiye muuzeni wogulitsa alembe kuti mtengo ukhala masiku angati, alembenso mtundu weniweni wa katunduyo ndi mawu oti ndi watsopano. Tsiku lolandira mubwere ndi telala wodziwa ntchito, asokepo kansalu pamakina aliwonse musanasayine pepala lolandirira katundu. Chenjeraninso ndi aja amati "musavutike, makotesheni onse atatu ndikulemberani ndine." Zidindo zimakhala zitatu koma dzanja ndi limodzi, ndipo owerengera ndalama za boma sachedwa kuona. Mitengo ya ku Limbe imakhala yotsikirapo kuposa ya pa Chitakale, koma muwerengere ndi thiransipoti, yanu ndi ya katundu. Za pa Limbuli zochokera ku Mozambique n'zotchipa ndithu, vuto ndi lisiti.

Zotsalazo ndi kutsatira basi. Muzidutsa ku ofesi ya achinyamata kukafunsa pamene pempho lafika, mwaulemu. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti fayilo iyende, kanani. Katundu akafika mulembeni m'kaundula wa gulu, sungani malisiti mu envulopu imodzi, jambulani zithunzi, ndipo lipoti lipite ku VDC ndi kwa a DYO pakatha miyezi itatu iliyonse.